Mzere wa Madzi pa Khoma la Amayi

Chisomo ndi Tendai, ana anga, mwakhala mukundifunsa chifukwa chimene agogo anu aakazi anaikidwa kuno ku Chipinge pamene amuna awo anagona ku Honde. Amayi anu amangokuyankhani kuti ndi nkhani ya ntchito ya bambo anu, ndipo sanama. Koma ntchitoyo simunaimvetsepo. Iwe Tendai unauza aphunzitsi ako kuti bambo ako amalipidwa chifukwa chokhoma timitengo m'tchire, ndipo ndinakhumudwa mpaka Lamlungu. Tsopano ndapuma, mawondo akana mapiri, ndiye ndati ndikhale pansi ndikulembereni bwinobwino.

1981: Honde

Ndinalembedwa ntchito pa esiteti ya tiyi yomwe ndinabadwira, m'chigwa cha Honde. Anzanga analowa m'munda kukathyola tiyi monga makolo athu, koma ine anandipereka kwa asaveya a kampani, a Sithole, chifukwa ndinali wamtali ndipo sindinkaopa manambala. Ntchito yanga inali kunyamula ndodo yaitali yolembedwa manambala, kukaima nayo pomwe andilozera, iwo n'kumasuzumira pa makina awo a miyendo itatu. A Sithole anali a mtundu wa Chindau, a kufupi ndi nkhalango ya Chirinda, munthu wamfupi, wosakonda kuseka pagulu. Ankanditcha Mubhurandaya, kutanthauza wa ku Blantyre, dzina limene anthu akuno ankatipatsa tonse ochokera ku Malawi, ngakhale bambo anga anali a ku Mulanje ndipo Blantyre sanamuonepo. Poyamba dzinalo linkandiwawa. Kenaka ndinazindikira kuti akakwiya ndi pamene amanditcha Lyson, ndiye ndinayamba kulikonda.

Ntchito yathu yaikulu inali kudziwa pomwe madzi amafika mitsinje ikasefukira. Kampani inkalipira inshuwalansi ya fakitale, milatho ndi nyumba za antchito, ndipo a inshuwalansi a ku Mutare ankafuna kudziwa kuti ndi nyumba ziti zimene zaima m'njira ya madzi. Ife tinkayenda m'mbali mwa mtsinje uliwonse, kuyeza, kujambula mzere pa mapu, kenaka kukhoma zikhomo zopaka penti yofiira. Kumunsi kwa chikhomo sikunkaloledwa kumanga kapena kugona munthu. A Sithole anandiphunzitsa kumene tingapeze umboni: udzu ndi zinyalala zimene madzi amasiya zitakodwa m'nthambi, mzere wa matope umene umatsala pa khoma, ndi pakamwa pa anthu okhala pamalopo. Tsiku lina ndikuyang'anitsitsa madzi a mtsinje wa Pungwe, anandigogoda ndi pensulo pamutu. "Mubhurandaya, madzi alerowa tilibe nawo ntchito," anatero. "Kweza maso. Udzu uwo unakwera bwanji mumtengo?" Kuyambira pamenepo ndimayenda maso ali m'mitengo, n'chifukwa chake amayi anu amadandaula kuti ndimapunthwa kwambiri.

Makolo anga ankakhala m'komboni yotchedwa Kumunsi, mizere ya nyumba za njerwa m'mbali mwa kamtsinje kamene akuluakulu anakapatsa dzina loti Ruo pokumbuka kwawo. Munali ife a ku Malawi ndi mabanja a ku Mozambique. Tinalibe mudzi wina wobwererako. Anzathu achishona akamakwera mabasi kupita kwawo pa Khirisimasi, ife tinkatsala, kulandira laimu kwa kapitawo n'kupaka nyumba zathu kuti ziyere. Kuseri kwa komboni, pakamtunda ka mitengo ya mango, kunali manda athu. Bambo anamwalira mu 1986 ndipo tinawaika komweko. Lamulo la kampani linkati nyumba ndi ya munthu wogwira ntchito, koma Amayi anali atathyola tiyi mpaka zala kupindika, choncho akapitawo ankangoyang'ana kumbali. Anatsala m'nyumba yawo ya mzere woyamba, yoyang'ana kumtsinje. Loweruka lililonse ankapita kukasesa manda a Bambo n'kuwafotokozera za m'komboni, za amene wakwatiwa ndi amene wabanso nthochi. Nthawi imeneyo chikhomo chofiira chinali kumapeto kwa madimba, kutali ndi khomo lawo, ndipo ndinachikhoma ndine.

1989: Chipinge

A Sithole atasamutsidwira ku maesiteti a kampani a ku Chipinge, anapempha kuti ndipite nawo. Apa n'kuti ndikudziwa kale kusuzumira pa makina ndi kujambula mapu. Ndinapeza nyumba kulokeshoni ya Gaza, ndinakwatira amayi anu, inu munabadwa. Zaka zimenezo mvula inavuta, makamaka pa chilala cha 1992, ndipo palibe ntchito yochititsa manyazi kuposa kuyeza madzi osefukira mumtsinje wouma. Azimayi ofukula madzi mumchenga ankatiseka. Mmodzi anandifunsa kuti, "Baba, madzi mukuyezawo mukawapeza mutigaireko?" Kuofesi nakonso ankationa ngati anthu osewera. Njinga yamoto imene tinkayendera anaipereka kwa a zaulimi, jombo zatsopano zinasiya kubwera, ndipo ng'ombe zinkakanda misana pa zikhomo zathu mpaka kuzigwetsa. Tinkangozidzutsa n'kuzipakanso penti.

Chaka chilichonse ndinkapempha Amayi kuti adzakhale nafe ku Gaza. Yankho linali limodzi: "Bambo ako ndiwasiyire yani? Malo anga ali pambali pawo, ndinawalambula kale." Amayi akanena chinthu ankachinena kamodzi, kachiwiri ankangokuyang'ana. Ndinasiya kuwakakamiza.

A Sithole anapuma ntchito mu 1998. Pondipatsa makiyi a bokosi la makina anati, "Lyson," ndipo ndinadzidzimuka poganiza kuti ndalakwa china chake. "Lyson, pa ntchito iyi anthu amakuseka chaka chouma, n'kudana nawe chaka cha mvula. Uzidya mokwanira basi." Anandigwira dzanja nthawi yaitali, kenaka anakwera kombi, kaminibasi kopita ku Mount Selinda.

2000: Kumunsi

Mu Febuluwale wa chaka chimenecho namondwe anachokera kunyanja ya ku Mozambique, ndipo mvula inagwa osaleka. Misewu inaduka. Uthenga wochokera ku Honde unati Amayi ali bwino, anthu anathawira kutchalitchi cha kumtunda ndipo abwerera m'nyumba zawo. Aliyense amene ndinkamufunsa kuti madzi anafika pati ankangoti, "Pang'ono chabe." A inshuwalansi ananena kuti mizere yonse yakale yatha ntchito, tiyezenso mtsinje uliwonse. Kampani nayo inalengeza kuti nyumba zonse zimene zipezeke kumunsi kwa mzere watsopano zigwetsedwa, ndipo zina zimangidwa kumtunda kwa mabulugamu. Koma nyumba zatsopanozo zinali za anthu amene akugwira ntchito okha. Mbiri imeneyi inafika m'makomboni ife tisanafike.

Tinayamba ndi Chipinge, ndipo tinachedwa. Petulo ankasowa, galimoto inkatha masiku ili pamzere. Penti yofiira inatha m'sitolo zonse, mpaka ndinayamba kusakaniza dothi lofiira la m'munda wa tiyi ndi oyilo wakale wa thirakitala. Ku Honde tinafika mu Juni. Ndinali ndi Mayi Mutasa a ku inshuwalansi, mayi wodekha wa mtundu wa Chimanyika, amene ankayenda m'matope atavala jombo za amuna awo.

Nditatsika galimoto pa Kumunsi ndinaima kaye. Komboni yonse inali mbee, ngati mawa ndi Khirisimasi. Mayi Mutasa anati, "Anthu akwanu ndi aukhondo, vaLyson." Ndinangovomera. Ine ndinakulira pamenepo, ndipo ndinali ndisanaonepo munthu akupaka laimu mu Juni. Ndinakweza maso m'mitengo ya m'mbali mwa Ruo. Nthambi zonse zinali zoyera, popanda ngakhale kaudzu. Munthu wina anali atakwera mtengo uliwonse n'kuupesa.

Akuluakulu anabwera kudzatichingamira, patsogolo pali Sekuru Fernando, mkulu wa ku Mozambique amene anali mnzawo wa Bambo komanso wapampando wa bungwe lathu la maliro. Iwo ankakhala mzere wachitatu ndi mwana wawo wogwira ntchito kufakitale, pamodzi ndi zidzukulu zodzaza nyumba. Nditafunsa kuti madzi anafika pati, onse analoza mtengo wa gwafa wa kumapeto kwa madimba. Manja onse anakwera nthawi imodzi ngati akwaya. "Apa basi, mwanangu," anatero a Fernando. "Nada, sanapitirire." Ntchito inkafuna kuti ndifunse mwini nyumba aliyense wa mzere woyamba, choncho ndinafika pakhomo pa Amayi, anthu onse ali pambuyo panga. Ndinawapatsa moni, n'kufunsa, "Amayi, madzi anafika pati?" Anandiyang'ana m'maso, anakonza duku, n'kuloza gwafa yemweyo. Mtima unandiwawa kwambiri. Sindinakwiye kuti anama. Ndinkadziwa chimene ankaopa, ndipo inenso ndinkaopa chomwecho.

Ndinawoloka mtsinje. Kutsidya, pakati pa munda wa tiyi, kunali mkuyu umene anauiwala, ndipo m'nthambi zake munali mapesi ouma ndi chidutswa cha thumba la feteleza. Ndinayeza kuchokera pamenepo kubwerera kukomboni. Mzere unadutsa kuseri kwa nyumba za mzere woyamba. Ndinayezanso, ndikupempha Mulungu kuti ndikhale ndalakwitsa, koma unadutsa pomwepo. Mayi Mutasa anali atamva kale kuti nyumba yachiwiri kuchokera kumapeto ndi ya ndani. Tinakhala pansi pa mkuyuwo ndi mbatata zathu zophika, ndipo anati, "VaLyson, palibe amene angakudzudzuleni. Ndikhoza kupempha kuti atumize munthu wina adzayeze komboni ino." Ndinaganizira mawu amenewo mpaka mbatata inauma m'manja. Munthu wina sakanadziwa kuti laimu ndi wa Khirisimasi. Akanaona makoma oyera, akanamva akuluakulu olemekezeka akuloza gwafa, n'kukhoma chikhomo chake pagwafapo. Amayi akanatsala m'nyumba yawo, pafupi ndi amuna awo, mpaka mvula ina. Ndinkafuna zimenezo, ana anga, ndinkazifuna ndi mtima wonse. Koma ndinali nditaona thumba lija mumtengo. Ndinauza Mayi Mutasa kuti ndimaliza ndekha.

Ndinakhoma chikhomo kuseri kwa khitchini ya Amayi, komboni yonse ikuonerera. Kenaka a Fernando anandiyandikira, nayankhula motsitsa mawu. "Ukuganiza kuti laimuyu tadzipakira ife? Ine mwana wanga ali pantchito, nyumba ya kumtunda ndiipeza. Tapakira amayi ako ndi anzawo amasiye. Bambo ako ndinawanyamula ndi manja awa, Lyson." Anandiuzanso kuti akuluakulu apita kwa manijala kukatsutsa mzere wanga. Ndinadziwa kuti akhoza kupambana, chifukwa iwo anali komboni yonse pamene ine mboni yanga inali mkuyu umodzi. Amayi sanatulukenso m'nyumba tsiku limenelo, ndipo ine ndinakagona kunyumba ya alendo ya kampani.

M'mawa mwake ndikupukuta makina pafupi ndi galimoto, ndinaona Amayi akubwera pang'onopang'ono, manja ali kumbuyo. Sanandipatse moni. "Lyson, tabwera undisunthire kabati." Ndinawatsatira. Titalowa anatseka chitseko, ine n'kusuntha kabatiyo. Khoma la kuseri kwake nalonso linali lopaka laimu watsopano. Anandipatsa supuni. "Pala apa," anatero, akuloza m'munsi. Ndinapala, ndipo pansi pa laimu panatuluka matope ofiira. "Kwera." Ndinapala pofanana ndi m'chiuno mwanga, matope omwewo. "Kwera, waulesi iwe." Ndinapitiriza kukwera mpaka ndinafika pofanana ndi pachifuwa pawo, ndipo pamenepo m'pamene matope anathera, mzere wowongoka ngati wojambula ndi rula. Amayi anga, amene anandilozera gwafa uja, anatuluka m'nyumba imeneyi madzi akuwafika pachifuwa.

"Chikhomo chako chaperewera," anatero. "Pano mtsinje umakhota, madzi amaunjikana mbali yathu ino kuposa kutsidya. Kwa a Fernando anafika m'mawondo. Ana aja tinawatulutsa tili nawo pamutu."

"Amayi, mukudziwa chimene mwachita? Akapita kwa manijala mwina mukanatsala."

"Ndikudziwa. Dzulo ndimamva nyundo yako ndili muno. Ndinati mwana uyu wakhoma chikhomo pakhomo pa mayi wake, ndiye kuti si zamasewera. Ine ndakalamba, madzi akandipeza andipeze. Koma anzanga ananama chifukwa cha ine, ndipo akapambana, amene agonenso m'njira ya madzi ndi ana aja."

"Anthu adana nanu."

"Adana nawe kale. Tigawane."

Anatsegula chitseko okha, naitana Mayi Mutasa ndi a Fernando kuti adzaone khomalo. A Fernando analiyang'ana nthawi yaitali, anavula chipewa, n'kutuluka. Kwa manijala sanapiteko. Tsiku lomwelo ndinazula chikhomo changa n'kukachikhoma kumtunda kwa mzere wachitatu. Mzere watsopanowo unatenganso mbali ya kumunsi ya manda athu, pomwe panali Bambo ndi malo amene Amayi anadzilambulira. Kuyambira pamenepo sipanaloledwenso kukumba manda pamalopo.

2001: Gaza

Sindikunamizani kuti zinathera bwino kwa onse. Ine ndi Mayi Mutasa tinachonderera kampani, ndipo inavomera zipinda zochepa kumtunda za amasiye opanda mwana wowasunga. Ena anapita kwa abale ku Hauna, mayi wina anawoloka kubwerera ku Mozambique kumene anachoka ali mtsikana. Amayi anali ndi mwana wokhala ndi nyumba ku Gaza, choncho chipinda sichinawayenere. Azimayi ena amene anathyola nawo tiyi moyo wonse sanabwere kudzatsanzikana nawo. Zimenezo zinawapweteka kuposa nyumba, ngakhale sananene.

Tsiku losamuka anandiuza kuti ndidikire ndi katundu. Ndinawatsatira chapatali. Anasesa manda a Bambo monga mwa masiku onse, kenaka anagwada, natulutsa chitini cha tiyi, n'kuyamba kuthiramo dothi ndi manja. Mwambo wathu m'makomboni unali wakuti munthu akamwalira kuno, abale ake akabwera kuchokera ku Malawi ankatapa dothi la pamanda n'kupita nalo kwawo, kuti naye akafike. Kwa Bambo sikunabwere aliyense. Amayi atandiona anati, "Usaime ngati mlendo. Wachibale wodzatenga dothi ndine. Tiye, bambo ako akukhala pamiyendo panga m'basi."

Chitini chimenecho mukuchikumbuka, chija chinkakhala pamwamba pa kabati, chimene iwe Chisomo unakwapulidwira pofuna kuikamo mabatani. Loweruka lililonse agogo anu ankachitsitsa, kuchipukuta, n'kuchifotokozera za ku Gaza: mtengo wa tomato, phokoso la makombi, ndi mmene mpongozi wawo amathirira mchere wambiri. Gaza sanamukonde. Ankati nyumba zathithikana ndipo anthu salonjerana mokwanira. Koma sanandinenepo ngakhale kamodzi kuti ndinawachotsa kwawo. Atayamba kudwala mu 2011, ndinawauza kuti ndiyesa kupempha malo kumanda a kumtunda ku Honde, kuti akhale pafupiko. Anakana. "Pafupi si pambali. Musavutike kundinyamula, chitini chilipo." Tinawaika kuno ku Chipinge, ndipo chitinicho ndinachiika ndekha m'bokosi, pafupi ndi mutu wawo. Kwa zaka zambiri ndinkati ndikadutsa pamanda awo, mtima unkandiuza kuti ndinalekanitsa makolo anga ndi nyundo yanga.

2019: Honde

N'kuti nditapuma kale pamene namondwe wina anabwera mu Malichi. Zimene anachita kuno ndi ku Chimanimani mukuzidziwa, sindizilemba. Misewu itatseguka ndinakwera basi kupita ku Honde. Amene anandiperekeza kumtsinje ndi mdzukulu wa a Fernando, mmodzi wa ana aja anawanyamula pamutu, tsopano bambo wa ana ake. Agogo ake anamwalira kalekale, ndipo mpaka imfa yawo ankangondipatsa moni wa pakamwa. Pamene panali Kumunsi panali miyala ndi mchenga wokhawokha, kuyambira pagwafa mpaka pomwe panali mzere wachitatu. Palibe amene anagona pamenepo. Nyumba za kumabulugamu zinali chilili, zovala zili pachingwe.

Ndinapempha kuti andisiye ndekha, n'kupita kumanda. Mtsinje unali utadya mbali yonse ya kumunsi ya kamtunda kaja. Mitengo ya mango inagwa mizu m'mwamba. Ndinayenda uku ndi uku kufunafuna pomwe panali Bambo, ine amene ndatha moyo wanga wonse ndikupeza malo pa mapu, koma panalibe ngakhale njerwa imodzi. Malo amene Amayi anadzilambulira nawonso anapita. Ndinakhala pa mwala ndipo ndinalira, munthu wamkulu wa imvi.

Pobwerera m'basi m'pamene ndinakumbukira chitini chija. Ndiye mukapita kukasesa manda a agogo anu kuno ku Chipinge, muzipereka moni kwa anthu awiri. Dothi lokhalo la Bambo limene latsala pa dziko lino lili mmenemo, pafupi ndi mutu wa Amayi.